Diso Lakumanzere la Lorna

"Ndanena kuti Lachisanu mwanayu sapita, ndipo sindibwerezanso," anatero Doreen, uku akutsitsa ketulo patebulo mwaukali moti makapu analira.

Mwamuna wake Wilf sanadzutse n'komwe mutu. Anali pampando wake wa masiku onse pafupi ndi moto wa malasha, akupaka batala pabuledi ngati kuti amene akulankhulayo ndi wailesi.

"Wabwereza kale kanayi," anayankha. "Diso kufiira ndiye nkhani? Ine ndimaweruka kufakitale maso ali psuu tsiku ndi tsiku. Ndani anandigonekapo m'chipatala?"

"Inu ndinu nkhalamba, ndipo maso anuwo ntchito yake n'kuwerenga za mpira basi. Uyu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. M'mawa muno ndachita kumutsegula chikope ndi madzi ofunda, chitamatirira ngati envelopu."

Mwini disolo, Lorna, anali phee pasofa, mpando wa bambo ake uli kumanzere kwake monga mwa nthawi zonse. Anaweramira buku la masamu limene sankaliwerenga.

Chaka chimenecho cha 1974, Lachinayi lililonse ikangokwana faifi koloko, misewu ya m'tauni ya Batley inkangoti zii. Ana onse ankakhala atatong'olera kanema, kuonera Ana a Mphezi, sewero la achinyamata anayi omva zimene anthu akuganiza, osuntha zinthu osazikhudza, oteteza dziko ku zilombo zochokera kunyenyezi. Wamng'ono pa anayiwo, mtsikana wotchedwa Petra, anali Lorna yemweyu, mwana wa a Sugden. Mphamvu zikawafikira anawo, maso awo ankasanduka oyera mbee. Oonera ankayesa ndi luso la makamera, koma si mmene zinalili. Tinali timagalasi tolimba topakidwa utoto, tokhala ngati chikamba cha dzira la njiwa, timene ankatilowetsa pansi pa zikope za ana.

"Doreen, khazika mtima pansi," anatero Beryl, mlongo wake wamkulu wa Wilf, amene anakhala patebulo chipewa chili kumutu. "Ana onse anayi amavala timagalasito. Wamvapo mayi wina akudandaula?"

Lamulo linkati mwana aliyense wogwira ntchito kusitudiyo akhale ndi mayi womuyang'anira, woti akaona mwana watopa anene kuti basi. Ntchito imeneyi anaipeza ndi Beryl. Chiyambireni, mawu oti basi anali asanatulukepo pakamwa pake. Chimene chinatuluka ndi kalankhulidwe katsopano ka anthu amumzinda, kochita kutsina mphuno.

"Amayi enawo sindiwadziwa, mlamu," anatero Doreen. "Chimene ndikudziwa ndi zimene ananena woyeza maso uja tsiku loyamba. Mphindi makumi awiri, kenako atichotse, diso lipume. Ndinalipo ine. Amatichotsa?"

"Amatichotsa ikakwana nthawi."

"Nthawi yake iti?"

Beryl anauzira tiyi wake, amene anali atazizira kalekale.

"Iwe sudziwa mmene timagwirira ntchito kumene kuja. Ikakwana sikisi koloko anyamata amagetsi amazimitsa nyali zonse, kaya tamaliza kaya ayi, ngakhale utawagwadira. Kulowetsa timagalasi mwa mwana mmodzi ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ana ndi anayi. Tizichotsa n'kubwezera, tizichotsa n'kubwezera, sewero lijambulidwa liti? Ndiponso tepi sitiduladula ngati nsalu zako zakufakitale. Tikayamba, tayamba."

"Timagwirira, tikayamba," Doreen anamuyeseza. "Chaka chatha mumagulitsa nsomba ndi tchipisi pakona apa, lero mwasanduka eni kampani."

"Taleka mwano," anatero Wilf, ataika mpeni pansi. "Ukufuna anthu atiseke? Kubala kumene timamwera mowa amanditcha bambo a Petra. A Holroyd, abwana athu, zaka makumi awiri osadziwa dzina langa, dzana andiimitsa pageti, chipewa m'manja, kupempha chithunzi choti akapatse mdzukulu wawo. M'banja la a Sugden ndani anatulukirapo poyera chonchi? Ndiye iwe ukaime pamaso pa a Prentice, mkulu wa sewero lonse, munthu wophunzira, kukachita phokoso chifukwa cha manthongo?"

Doreen anatembenukira kwa mwana wake.

"Lorna, tayang'ana kuno. Likupweteka?"

"Ayi, Mayi."

"Nanga ukuyang'aniranji pansi?"

"Nyali ikuwala kwambiri basi."

Onse anayang'ana kababu kofooka kamene Wilf ankadandaula nako tsiku lililonse kuti sakuona bwino nyuzipepala. Lachisanu Lorna anapita. Doreen anagonja, ndipo tinene zoona, anagonja chifukwa cha matenda a kwathu kuno, oopa kutchedwa wovuta kuposa mmene timaopera imfa.

Lachisanu lomwelo madzulo, Lorna atabwerako, Doreen anamuweramitsa pasinki yakukhitchini kuti amutsuke mafuta amene ankamupaka m'tsitsi. Thovu linatsika pachipumi n'kulowa m'diso lakumanzere.

"Tsinzina, sopo walowa."

"Walowa?" anafunsa Lorna, diso lili chitsegukire.

Manja a Doreen anaima. Ntchito yake kufakitale inali yofufuza timabowo ndi ulusi wosokonekera pa nsalu zaubweya, n'kumazikonza ndi singano. Maso ake ankaona cholakwika chimene anthu khumi achidutsa. Anamupukuta mwanayo, n'kumukokera pansi pa nyali. Pakati pa diso, pakuda penipeni, panali kadontho kotuwa ngati ka mkaka. Anakhudza m'mbali ndi nsonga ya mpango. Mwana sanaphethire.

"Akuchita chiyani kumeneko? Usandinamize, Lorna. Lero lokha usandinamize."

Mwanayo anayang'ana kuchitseko kaye.

"Azakhali amandidonthezera mankhwala. Ali m'kabotolo kabulauni, anawapatsa ndi amayi otipaka nkhope aja. Akathira, diso limafa, sumvanso kanthu. Poyamba ankathira kamodzi. Tsopano ndimachita kuwapempha ndekha."

"Lero athira kangati?"

"Kasanu. Mwina kasanu ndi kamodzi."

"Timagalasi unavala nthawi yanji?"

"Titangodya chamasana."

"N'kuvula?"

"Atazimitsa nyali."

Doreen anakhala pampando. Maola asanu. Iye anali pawindo kufakitale akusamala nsalu ya eni ake kuti isatuluke ndi kachilema, pamene diso la mwana wake ankalipala ndi galasi.

"Osandiuza bwanji? Ndine mlendo ine?"

"Mukumukumbukira Colin?"

Ankamukumbukira. Anali mnyamata wamtali wa m'sewerolo, amene chaka chatha anangosowa.

"Colin anadandaula za maso. Mayi ake anabwera kudzalankhula. Patapita masabata awiri anatipatsa mapepala a gawo latsopano, tinapeza alemba kuti iyeyo watumizidwa kukalondera kumwezi. Sanabwerenso. Tsopano wina akangoti diso, a Prentice sakalipa ayi. Amangomwetulira, n'kunena kuti mwezi ukuoneka bwino masiku ano." Lorna anayamba kulira, misozi ikutsika yambiri mbali imodzi. "Akanditumiza kumwezi, Adadi akaonetsa kuti nkhope? Kale sankandifunsa n'komwe za kusukulu. Tsopano amandidikira pakhomo."

Doreen anamukumbatira, tsitsi lonyowa likumunyowetsa bulauzi. Mtima unkamuwawa chifukwa cha mwanayo, komanso unkapsa, ndipo kupsako ndiko kunali kwakukulu.

Anadikira Lamulungu, tsiku limene Beryl ankadya nawo chamasana. Nyama yootcha ndi mbatatesi zitafika patebulo, Doreen sanakhale pansi. Ananyamula kachikwama ka mlamu wake kamene kanali pampando, n'kukakhuthula pakati pa mbale. Panagwa makiyi, chipeso, maswiti, ndi kabotolo kabulauni kamene kanagubuduka n'kukaima pa mbale ya Wilf.

"Wapenga?" anatero Beryl.

"Werengani, Wilf. Si paja mumakonda kuwerenga? Werengani mokweza."

Wilf anakatola, n'kukasendeza kutali ndi maso.

"Ogwiritsa ntchito dokotala yekha. Asaperekedwe kwa wodwala kuti azithira." Anadzutsa mutu. "Beryl, n'chiyani ichi?"

"Ndi timankhwala toziziritsa basi. Ukanakonda mwana azilira ndi ululu? Ine ndimamuchitira chifundo. Ukanamuona mmene amachitira ndisanamuthire, bwenzi ukundithokoza."

"Ululuwo ndiwo umamuuza kuti avule," anatero Doreen. "Inu anakuikani pamenepo kuti muzinena kuti basi. Ntchito yanu ndi liwu limodzi limeneli, mlamu, ngakhale mwana wakhanda amalitha. M'malo mwake mukutseka pakamwa diso lomwe."

"Ndinene kuti basi, anthu makumi anayi ataimirira, makamera akuyenda? Iwe unayambapo waima pamaso pa anthu otero? N'kosavuta kulimba mtima uli m'khitchini mwako."

"Amakupatsani tiyi m'kapu ya maluwa, ndiye mwagulitsa mwana wa mlongo wanu."

"Wilf, ukumumva mkazi wakoyu?"

Wilf ankangotembenuza kabotoloko m'manja.

"Kwatsala Lachisanu limodzi lokha," Beryl anapitiriza, mawu atawafewetsa. "Gawo lomaliza, ndipo lonse lagona pa Petra. Akatero apuma miyezi itatu. Tsiku limodzi, Doreen. Amene anayamba chinthu amalize, ndi mmene tinaleredwera ife a Sugden."

"Mwana wanga si nsalu yoti imalizidwe. Tulukani."

Beryl anatolera zinthu zake. Kabotolo kanatsala, koma monga Doreen anadzaonera pambuyo pake, kusitudiyo kunali bokosi lathunthu.

Lolemba anapita ndi Lorna kwa dokotala wapafupi. Mkuluyo anaunika ndi katochi, n'kupukusa mutu. Anapereka mankhwala opaka, anamata diso ndi bandeji, n'kulemba kalata yoti akaonane ndi katswiri wa maso sabata yotsatira. Ananenetsa kuti m'disomo musalowe chilichonse, ngakhale madzi apampopi. Madzulo Doreen anabwereza mawuwo pamaso pa mwamuna wake.

"Ndamva," anatero Wilf.

"Kumva kokha sikundikwanira. Lumbirani."

"Ndalumbira, Doreen. Ndi mwana wanganso."

Masiku amenewo okumba malasha anali pa sitiraka, magetsi ankaperewera, ndipo makina a fakitale ankayenda masiku atatu okha pa sabata. Lachisanu oluka nsalu ngati Wilf ankakhala pakhomo. Koma okonza nsalu safuna magetsi, amangofuna singano ndi windo, choncho Doreen anapita kuntchito, n'kusiya mwana ndi bambo ake. Anaweruka thuu koloko. Asanalowetse kiyi, Mayi Oldroyd a nyumba yoyandikana anatulutsa mutu pawindo, nkhope ikuwala.

"Mwaphonya, Mayi Sugden. Galimoto yake kutalika, msewu wonse unatuluka. Mkulu wa sewero uja anabwera yekha kudzamutenga Lorna, ndi bokosi la chokoleti."

Bandeji inali patebulo, pafupi ndi makapu atatu a alendo, aja otuluka pa Khirisimasi pokha.

Basi yopita mumzinda inkaima paliponse, ndipo Doreen anaitukwana mumtima njira yonse. Pageti la situdiyo mlonda anamufunsa chikalata. Anamuyankha kuti chikalata chake chili m'katimo, chavala diresi yasiliva, ndipo sanaime. Kumapeto kwa khonde lalitali kunali chitseko chachikulu chachitsulo, pamwamba pake pakuyaka nyali yofiira. Pansi pa nyaliyo, pabenchi, panali Wilf, atavala suti yake yamaukwati, chipewa pabondo.

"Doreen, tandimvera kaye."

"Ali kuti?"

"A Prentice anabwera okha, Doreen. Anakhala pasofa pathu. Anandigwira chanza, n'kunditchula kuti Bambo Sugden. Akuti popanda Lorna anthu onsewa ntchito yawo ya miyezi itatu yapita m'madzi. Alonjeza kuti ndi mphindi khumi zokha. Ndiponso mwana mwini wake anati akufuna."

"Analowa nthawi yanji?"

"Wani koloko."

Wotchi yapakhoma inkati kota pasiti folo.

"Ndiye mukudikira chiyani pano?"

Wilf analoza m'mwamba ndi chipewa.

"Nyali yofiira ikayaka salowa munthu. Ndi lamulo. Ngakhale mwini kampani salowa."

"Maola atatu," anatero Doreen pang'onopang'ono. "Mwana wako ali kuseri kwa chitseko ichi, iwe wakhala maola atatu ukuopa babu."

Anakankha chitsekocho ndi phewa.

M'katimo munkatentha ngati mu uvuni. Kudenga kunali nyali zosawerengeka, pansi zingwe zili balala. Pakati panali phanga la makatoni opakidwa utoto, ndipo pakhomo pa phangalo panaima chilombo chobiriwira cha mphira, chotukula zikhadabo. Moyang'anana nacho panali Lorna, yekha, manja atatambasula, maso ali mbee. Patsaya lakumanzere pankatsika madzi osalekeza, mpaka kudontha pachibwano. Anthu akuluakulu oposa makumi atatu anamuzungulira, onse akumuyang'ana, onse ali chete. Kuseri kwa kamera kunali Beryl, kabotolo kali m'manja, akudikira nthawi yothiranso.

Doreen anadumpha zingwe, anadutsa pakati pa makamera, n'kulowa m'kuwala muja ndi jasi lake lakuntchito ndi kachikwama kake ka msika.

"Mayi ameneyo ndani?" anabangula mawu kuchokera pachimkuzamawu kudenga. "Mchotseni!"

"Mayi, ndinu?" anatero Lorna, akupapasa mphepo. Ndi timagalasito sankaona kanthu, ankangomuimika pamzere wa choko. "Musanditenge, ndatsala pang'ono kumaliza."

"Wamaliza, mwanangu."

A Prentice anatsika masitepe achitsulo akuthamanga, koma pofika pansi anali atavala kale kumwetulira kwawo.

"Mayi Sugden, mwationongera gawo labwino kwambiri la tsiku lonse. Komabe palibe kanthu, ndikumvetsa, mtima wa mayi. Wina awapangire tiyi. Tatsala ndi ola limodzi ndi theka asanazimitse. Tipatseni mphindi khumi."

"Mphindi khumi munazitenga kale kwa mwamuna wanga. Muli ndi ana inu?"

"Awiri."

"Ali kuti?"

"Kusukulu, mayi."

"Kusukulu. Ndi maso awo onse awiri." Doreen anayang'ana khamu lonse lija. "Mukujambula ana omva maganizo a anthu. Uyu sanafune kuti mumve maganizo ake. Misozi ili poyera, patsaya apa, nyali zanu zonsezi zikuiunikira. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa inu waiona?"

"Tinaiona," anatero a Prentice modekha. "Ikuoneka bwino kwambiri pakamera. Ndipo ndikukumbutseni kuti atsikana ofuna malo a Lorna ndi ambiri."

"Mutumizeni kumwezi kwanuko. Koma choyamba mumuchotse zonyansazi."

Mayi wopaka nkhope anabwera ndi kampira koyamwira. Kagalasi kakumanja kanatuluka bwinobwino. Kakumanzere kanakana. Anayesa kachiwiri, kachitatu, ndipo katatuluka anayang'ana m'disomo n'kugwira pakamwa.

Amene anayamba kusuntha ndi chilombo chija. Chinagwira mutu wake ndi zikhadabo n'kuuvula. M'katimo munali bambo wadazi, thukuta lili kamukamu.

"Ndili ndi vani panja, mayi. Tiyeni."

"Ronnie, sitinamalize," anatero a Prentice.

"Ine ndamaliza," anayankha bamboyo, ndipo anamunyamula Lorna ndi manja ake amphira.

Kuchipatala katswiri wa maso anaunika kwa nthawi yaitali. Doreen anamupatsa kabotolo kaja kamene anakasunga chichokereni Lamulungu. Dokotalayo anawerenga, n'kuyang'ana Wilf, amene anali atawatsatira pabasi.

"Ndani anachotsa bandeji?"

"Ine," anatero Wilf, mawu osamveka bwino.

"Mukanaisiya, chilondachi chikanapola m'masabata awiri. Tsopano chalowa mkati. Tiyesetsa kuti diso lisachotsedwe, koma chipsera chidzatsala pakati penipeni. Azidzasiyanitsa kuwala ndi mdima. Zoposa pamenepo musayembekezere."

Lorna anagona m'chipatala masiku khumi. Kusitudiyo kunachokera maluwa ndi kalata yaulemu kwambiri. Inathokoza Lorna chifukwa cha khama lake. Inakumbutsanso mwaulemu womwewo kuti sabata iliyonse woyang'anira mwana, amene ndi azakhali ake enieni, ankasaina kuti mwana ali bwino, ndipo tsiku lomaliza anamubweretsa ndi bambo ake. Palibe bodza limene linali m'kalatamo, ndipo n'zimene zinamupsetsa mtima Doreen kwambiri. Beryl sanapondenso pakhomo. Doreen anamva kuti akadali pantchito, akuyang'anira ana atatu otsalawo.

Patatha masabata atatu linafika Lachinayi la gawo lomaliza. Mumsewu wonse, a Sugden okha ndiwo anali ndi kanema woonetsa mitundu, ndipo anansi anazolowera kudzaonera kwawo. Doreen anafuna kukhoma chitseko, koma Lorna anakana.

"Ndikufuna ndione, Mayi. Tsiku lija sindinaone kanthu."

Anakhala pamalo pake pasofa. Bandeji anali atachotsa, ndipo pakati pa diso lakumanzere panali patayera. Ana a anansi, amene anadzaza pansi, ankamuba ndi maso n'kumanong'onezana kuti Petra akuyamba kusanduka. Wilf anali pampando wake. Chichokereni kuchipatala anali asanapondeko kubala, ndipo m'nyumba ankayenda monyang'ama ngati wobwereka malo.

Sewero linayamba. Pafupi ndi mapeto panaoneka phanga lija, ndipo pakanema silinkaonekanso ngati makatoni. Chilombo chinatukula zikhadabo. Kamera inayandikira nkhope ya Petra mpaka kudzaza galasi lonse, maso ali mbee, madzi akutsika patsaya lakumanzere. Anadula pamene jasi la Doreen linkayamba kulowa. Zina zonse anazisiya.

"Taonani misozi," anatero Mayi Oldroyd, atagwira pachifuwa. "Ngati yeniyeni. Mwanayu ndi katswiri, ndikunenetsa."

Kenako ana atatu aja anaimirira akuyang'ana kumwamba, ndipo wamkulu anafotokoza kuti Petra watopa ndi nkhondo, wapita kukapuma kumwezi. Nyimbo yotsekera inalira. Ana anaomba m'manja.

Mayi Oldroyd anasendera kwa Doreen, n'kutsitsa mawu.

"Pepani kufunsa nthawi ngati ino, Mayi Sugden. Koma ndiye kuti malo alipo, eti? Denise wanga msinkhu ndi womwewo, ndipo maso ake ndi olimba, sanadwalepo. Mwina mlamu wanu angamunenereko mawu."

Doreen anayang'ana Denise, kamtsikana ka madontho kumaso kamene kankanyambita zala pansipo. Anadzuka, anazimitsa kanema, n'kutsegula chitseko chapanja.

"Denise, bwera kuno. Yang'ana diso la mnzakoli. Liyang'anitsitse, usachite manyazi. Tsiku limene amayi ako adzakuveke diresi yabwino kuti mukwere basi yamumzinda, udzathawire kuno." Anatembenukira kwa ena onse. "Kanema watha. Lachinayi likubwerali mukaonere kwina."

Anatuluka mmodzimmodzi, Mayi Oldroyd akung'ung'udza kuti anthu ena akangotchuka amayamba matama. Doreen anatseka chitseko n'kuchitsamira.

M'chipindamo munatsala atatu. Lorna ankayang'anabe galasi lakuda la kanema. Doreen anaona Wilf akusendera kutsogolo pampando wake. Kenako anatambasula dzanja lake lalikulu, lokhakhala ndi ntchito, n'kuliimika pafupi ndi phewa la mwana wake, chikhatho chili m'mwamba, kudikira kuti aligwire monga ankachitira ali wamng'ono podutsa msewu. Analisiya pamenepo nthawi yaitali.

"Mayi," anatero Lorna, osatembenuka, "Adadi atuluka nawo?"

Wilf anali pomwepo kumanzere kwake, dzanja lidakali m'malere.